Mashoko Akumbuyo a Njinga Yamoto: Yezani Musanagule, Yezaninso Mutamanga

Awa ndi mawu omwe mnzathu wina, amene wakhala pa ntchito ya umakaniko kwa zaka zambiri, adayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza potsatira pempho la mamembala omwe sadathe kubwera.



A Mlembi atandiuza kuti ndidzayankhule lero ndidayesa nthabwala, pakuti nonse mukukumbuka kuti pa sukulu pano ine ndinkakhala kumbuyo kwenikweni. Koma iwo adandikumbutsa kuti ambiri a ife tsopano tili ndi njinga zamoto. Ena mudagula ndi ndalama za penshoni n'kupatsa anyamata kuti azichita kabaza. Ena ndinu alangizi, aphunzitsi ndi azaumoyo, ndipo mumayenda m'misewu yafumbi tsiku ndi tsiku. Funso lomwe mumandifunsa kawirikawiri ndi la mashoko akumbuyo, makamaka aja ogula padera omwe munthu amatha kuwasintha kuti agwirizane ndi kulemera kwake. Tsono nkhani yanga lero ndi imeneyo, ndipo mfundo yake ndi imodzi: shoko sitigula ndi maso, timagula ndi tepi yoyezera.

Poyamba tigwirizane kuti shoko n'chiyani. Mukaiyang'ana mumaona sipuling'i yokulunga chitsulo chooneka ngati pampu. Izi ndi zinthu ziwiri za ntchito zosiyana. Sipuling'i imanyamula kulemera kwa njinga, kwa wokwera ndi kwa katundu. Pampu yam'katiyo ili ndi oyilo yemwe amakankhidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuti isamangodumphadumpha. Oyilo uja akachucha, njinga imanjanja ngati mwana wa mbuzi. Anthu ambiri amaganiza kuti shoko ndi yongothandiza kuti msana usapweteke. Ntchito yake yaikulu ndi kusunga tayala pansi, chifukwa tayala lomwe lili m'malere silingagwire buleki ndiponso silingakhote.

Njinga zambiri za kabaza, pamodzi ndi zakale zija monga Honda CG125, zili ndi mashoko awiri, uku ndi uku. Zina zili ndi shoko imodzi pakati, kunsi kwa mpando. Njira ya shoko imodziyi idatchuka mu 1973, pamene Håkan Andersson wa ku Sweden adapambana mpikisano wa dziko lonse wa njinga za 250cc zothamanga m'matope, atakwera Yamaha yokhala ndi luso lomwe adatulukira Lucien Tilkens wa ku Belgium. Lero alipo makampani omwe amapanga mashoko ogula padera, monga Öhlins ya ku Sweden yomwe idayamba mu 1976, YSS ya ku Thailand ndi Hagon ya ku England. Koma ngakhale shoko ya dzina lotchuka ikhoza kukugwetsani ngati muyeso wake ndi wolakwika. Ndikunena zomwe zidandionekera ine.

Ndili wachinyamata pa ntchito, ndidalowa m'sitolo ina m'tauni n'kuona mashoko onyezimira, a sipuling'i yofiira. Adali otalika ndi mamilimita 30 kuposa omwe adabwera ndi njinga yanga, koma ndidati palibe kanthu, njinga ikwera m'mwamba ndipo izidutsa bwino pa miyala. Nditamanga ndidaona kuti tcheni chalendewera, ndiye ndidachikoka mpaka chidafika pomwe ndidazolowera. Loweruka lake ndidanyamula mayi akunyumba ndi thumba la chimanga. Titalowa m'chidikha china, tcheni chidaduka n'kukulunga gudumu, ndipo tidakhululuka pa msewu. Ine ndidangosupuka, koma mayi adayendera ndodo miyezi iwiri.

Chidachitika ndi ichi. Tcheni chimakungika kwambiri pamene sipuloketi yakutsogolo, polumikizira foloko yakumbuyo ndi mtima wa gudumu zakhala pa mzere umodzi. Mashoko aatali adatsitsa foloko ija kutali ndi mzerewo, kotero tcheni chinkaoneka cholendewera njinga ili chiimire. Katundu atapanikiza, foloko idabwerera pa mzere uja ndipo tcheni chidasowa mpata. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine tepi ndidali nayo m'thumba, koma sindidaifunse.

Chomwecho musanagule, yezani zinthu zinayi. Choyamba ndi kutalika kwa shoko yakale, kuchokera pakati pa bowo lapamwamba kufika pakati pa bowo lapansi, gudumu litanyamuka kuti shoko itambasuke yonse. Yatsopano ifanane nayo. Yaitali imakweza kumbuyo, imasokoneza tcheni ndipo chiwongolero chimayamba kupepuka pa liwiro. Yaifupi imachititsa kuti tayala lizikhula madigadi. Chachiwiri ndi kukula kwa mabowo ndi mabushi ake. Njinga zing'onozing'ono zambiri zimafuna a mamilimita 10 kapena 12, ndipo bushi yokhwefuka imadya chitsulo cha felemu. Chachitatu ndi maonekedwe a kumapeto kwake, pakuti ena amathera ndi bowo pamene ena amathera ndi mphanda. Chachinayi ndi kunenepa kwa shokoyo, kuti isakhudze ekizozi, chotchinga tcheni kapena kaliyala. Ikakhala ndi kabotolo ka mpweya pambali, onetsetsani kuti kali ndi malo. M'kabotolomo muli mpweya wa nayitulojeni wopanikizidwa kwambiri, ndipo sitikatsegula, sitikaboola, sitikaponya pa moto.

Tsono tifike pa kumanga. Imikani njinga pa sitandi yapakati, pa malo athyathyathya ndi olimba. Ngati ilibe sitandi yapakati, ikani chipika cholimba kunsi kwa felemu ndipo wina aigwire. Ikani thabwa kunsi kwa tayala lakumbuyo kuti lisagwe mukamasula. Pa njinga ya mashoko awiri ofanana kutalika ndi akale, sinthani mbali imodzi kaye, inayo izigwira foloko. Masulani nati yapansi ndi yapamwamba, ndipo muyale mawashala pa nsalu monga momwe mwawachotsera. Pukutani dzimbiri pa zitsulo zolowetsapo shoko n'kupakapo girizi pang'ono. Lowetsani yatsopano kuyambira pamwamba, kenako mukweze kapena kutsitsa gudumu pang'onopang'ono mpaka bowo lapansi lilunjike lokha. Ngati pafunika hamala kuti bauti ilowe, dziwani kuti china chake chalakwika. Mashoko awiri amasinthidwa onse pamodzi, osati watsopano uku wakale uko.

Manati musawalimbitsiretu njinga ili pa sitandi. Agwiritseni chabe, tsitsani njinga iime pa matayala ake, wina akhalepo, ndiye mulimbitse. Mukalimbitsa gudumu lili m'malere, labala wa mabushi amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo sachedwa kung'ambika. Mphamvu yolimbitsira idalembedwa m'buku la njinga, ndipo imayezedwa ndi sipanala ija amati torque wrench. Kuika paipi ku sipanala n'kupondapo ndi phazi kumangopululutsa mazinga. Inu a shoko imodzi, mukamasula yang'anani mabelingi a tizitsulo tolumikiza shoko ndi foloko. Atsukeni n'kuwapaka girizi, chifukwa akauma shoko yatsopano imagwira ngati yakale yomwe.

Mukamanga, ntchito yangofika pakati. Apa ndipo ndikufuna tibwerere mu labu muja tinkapachika timiyala toyezera ku sipuling'i, aphunzitsi a sayansi atagwira choko. Lamulo lomwe Robert Hooke adafalitsa mu 1678 limati sipuling'i imatambasuka kapena kufupika molingana ndi mphamvu yomwe yaikidwa. Ngati makilogalamu 10 aifupikitsa ndi masentimita 2, makilogalamu 20 aifupikitsa ndi 4. Ambiri tidalemba zimenezi pa mayeso n'kuziiwala pa geti. Mphete ija ili kunsi kapena pamwamba pa sipuling'i, yomwe pa mashoko ambiri ili ndi masitepe 5 ndipo pa ena ili ndi mazinga, siisintha kulimba kwa sipuling'i. Imangoipanikiziratu, zomwe amakaniko amati preload, ndipo potero imasintha msinkhu womwe njinga imakhala inu mutakwerapo.

Msinkhu umenewo timauyeza motere, ndipo pafunika anthu atatu. Ikani chizindikiro pa felemu kapena pa madigadi, molunjika pamwamba pa mtima wa gudumu. Gudumu lili m'malere, yezani kuchokera pa mtimawo kufika pa chizindikiro. Tinene kuti mwapeza mamilimita 400. Tsitsani njinga, wokwera akhalepo ndi mapazi pa zopondera, wina agwire kutsogolo, wina ayeze. Tinene kuti mwapeza 370. Kusiyana kwake, mamilimita 30, ndiko kutsika kwa njinga, komwe pa Chingerezi amati sag. Kutsikaku kuyenera kukhala pakati pa gawo limodzi mwa magawo anayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse womwe gudumu limatha kuyenda kukwera ndi kutsika. Ngati buku likuti gudumu limayenda mamilimita 90, ndiye kuti 30 ali bwino. Kukachuluka, onjezerani sitepe. Kukachepa, bwezani. Mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe imodzimodzi.

Mukatero tsikani, muyezenso njinga yokha. Iyenera kutsikako pang'ono ndi kulemera kwake komwe, mwina mamilimita 5 kapena 10. Ngati siikutsika n'komwe, ndiye kuti sipuling'iyo ndi yofewa kwa inu ndipo mwachita kuipanikiza mopitirira. Mankhwala ake ndi sipuling'i ina yolimbirako, osati kupitiriza kupotokola mphete.

Mashoko odulirapo amakhalanso ndi kachitsulo kopotokola komwe kamalira kuti ke, ke, ke. Kameneka kamachepetsa kapena kukuza njira ya oyilo, ndipo pa ambiri kamalamulira liwiro lomwe shoko imabwerera ikapanikizika. Katsekeni mofatsa mpaka kaime, osakakamiza, kenako mubwerere mukuwerenga mpaka nambala yomwe pepala la opanga lanena. Dinikizani mpando ndi mphamvu n'kusiya. Njinga ikwere kamodzi n'kukhazikika. Ikadumpha n'kugwedezekanso, tsekani pang'ono. Ikamakwera mozengereza, tsegulani, chifukwa pa mabampu otsatizana shoko yotero imanka ifupikirafupikira mpaka imauma ngati mtengo. Sankhani msewu umodzi womwe mumaudziwa, sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo lembani manambala m'kope. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musanatuluke pa geti, yezani tcheni wokwera atakhalapo, kuti cholakwa changa chija chisabwerezedwe. Onani buleki yakumbuyo, makamaka ngati ndi yokoka ndi waya wachitsulo. Usiku walitsani nyali pa khoma muone ngati siikuloza kumwamba kapena pansi kwambiri. Mukayenda ulendo woyamba, gwiraninso manati onse ndi sipanala.

Mawu anga otsiriza akupita kwa inu eni njinga za kabaza. Ena mumabwera ku galaja n'kunena kuti, mundiikire mashoko olimba kuti mnyamata azinyamula anthu atatu ndi matumba a makala. Zimenezo ine ndimakana. Kulemera komwe njinga ingasenze kudalembedwa m'buku lake, ndipo shoko yatsopano siikuonjezera, pakuti felemu, masipoko, matayala ndi mabuleki ndi omwe aja. Shoko yosinthika idapangidwa kuti mnyamatayo akakhala yekha aike sitepe yotsika, akanyamula munthu mmodzi akweze. Amene mudakazondako odwala ku wodi ya othyoka mafupa ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central mukudziwa kuchuluka kwa omwe agonamo chifukwa cha ngozi za njinga zamoto. Amene amakwera njinga zanuzo ndi ana a anthu, ndipo ena ndi ophunzira a pa sukulu yathu ino. Ndalama ya tsiku yomwe mumalamula mnyamata kuti abweretse ikakhala yosatheka, ndinu amene mwamukakamiza kunyamula mopitirira. Mugulireninso zipewa ziwiri zodzitetezera, chake ndi cha wonyamulidwa.

A Wapampando, ndabwera ndi tepi, choko ndi sipanala ya mphete. Ndaona njinga zingapo zaimikidwa pansi pa mitengo kuseri kwa holo. Tikatha kudya, amene akufuna abwere ndi anzake awiri tikayeze, ndipo aliyense apite kwawo ndi manambala ake m'thumba. Aphunzitsi athu a sayansi ndikuwapempha kuti adzaime pambali aziona ngati tikuchotsera bwino.