Nahalal: mudzi umene alimi adadziikira okha malamulo

(Mawu amene mtolankhani wathu adayankhula pa msonkhano wokambirana za makopaletivi)



Dzina la Israel likatchulidwa pa nkhani ya ulimi, ambiri a ife timakumbukira Apayoniya. Sitilakwa, chifukwa gulu lija litakhazikitsidwa m'chaka cha 1963, alangizi ochokera ku Israel ndiwo adathandiza kuliphunzitsa, ndipo tinkauzidwa kuti anyamata a ku Nasawa ndi malo ena akuphunzira ulimi wamakono. Zimene adasanduka tonse tikuzidziwa, mpaka asilikali adawalanda zida mu December 1993. Koma ku Israel kudali chinthu chinanso chimene sichidatipeze kuno. Ndikufuna ndikufotokozereni za mudzi umodzi, dzina lake Nahalal.

Nahalal ali m'chigwa cha Jezreel, kumadzulo kwa Nazareth. Adakhazikitsidwa pa 11 September 1921, dzikolo likutchedwa Palestine ndipo likulamulidwa ndi Angelezi. Amene adauyambitsa adali Ayuda ochokera ku Russia ndi maiko ena a kum'mawa kwa Ulaya, ndipo ena mwa iwo adali atakhalapo ku Degania, kibbutz yoyamba, imene idayamba mu 1910 pafupi ndi nyanja ya Galileya. Pa kibbutz chilichonse chidali cha onse: munda umodzi, thumba limodzi, chakudya kudyera pamodzi. Ena zidawakomera. Ena adati ayi, kugwirizana tikufuna, koma banja likhale ndi khomo lake, khola lake ndi munda wake. Maganizo amenewa adawalemba bwino ndi Eliezer Joffe m'kabuku kake ka mu 1919, ndipo mudzi wotere adautcha moshav. Nahalal ndiye adali woyamba wa mtundu umenewu.

Mfundo zawo zidali zowerengeka koma zolimba. Malo si a munthu, ndi a fuko: bungwe la Jewish National Fund lidagula malowo ndi kuwabwereketsa kwa zaka 49, nambala yochokera ku lamulo la chaka choliza lipenga la m'buku la Levitiko. Banja lililonse lidalandira gawo lofanana ndi la mnzake, pafupifupi maekala 25, ndipo magawowo adali ngati 80. Kulemba aganyu kudali koletsedwa. Ulime wekha ndi banja lako, kuti pasapezeke bwana ndi wantchito pakati pawo. Kugula mbewu ndi zipangizo kudali kwa pamodzi, kugulitsa mkaka, mazira ndi ndiwo zamasamba chimodzimodzi, makamaka kudzera m'bungwe la Tnuva limene lidayamba mu 1926. Ndipo mnzako akadwala kapena akamwalira, anthu a m'mudzi ankagawana masiku okalima m'munda mwake kuti ana asagone ndi njala. Kudwala kudalipo kwambiri, poti chigwacho chidali ndi madambo odzaza ndi udzudzu, ndipo zaka zoyambirira zidathera pa kukumba ngalande ndi kulimbana ndi malungo.

Mmisiri wa mapulani Richard Kauffmann adajambula mudziwo ngati gudumu la njinga. Pakati padali nyumba za onse: sukulu, sitolo, nkhokwe, holo yamisonkhano. Mozungulira mudali msewu, m'mbali mwake nyumba za alimi, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse munda unkatambasuka kunka kunja ngati masipoko. Cholinga chidali choti pasakhale khomo loyandikira pakati kuposa linzake. Komatu gudumu silikula. Ana atachuluka padalibe poonjezera makomo, ndipo popeza munda sunkaloledwa kugawidwa, mwana mmodzi yekha ndiye ankalowa m'malo mwa makolo. Enawo ankapita m'tauni, ku usilikali kapena kukayambitsa mudzi wina. Moshe Dayan, mkulu wa asilikali uja wa diso limodzi, adakulira pamudzi pomwepa. Padalinso sukulu ya ulimi ya atsikana imene adayambitsa mayi Hannah Maisel, pa nthawi imene ambiri ankati ulimi wa sayansi ndi wa amuna.

Chimene chidagwiriziza zonsezi, kwa ine, ndi holo ija ya pakati. Msonkhano wa mamembala onse ndiwo udali ndi mphamvu: unkasankha komiti, unkavomereza ndalama, unkalandira kapena kukana munthu watsopano. Ankakangana, ndipo ankakangana zedi. Koma mlimi amene wakakamizidwa kugulitsa mkaka wake kudzera m'kopaletivi ankadziwa kuti lamulolo adalikwezera yekha dzanja, ndiponso kuti angathe kuchotsa mlembi amene wasokoneza mabuku. Yerekezani ndi mlimi wa kuno pamaso pa ADMARC, imene idayamba mu 1971. Naye ankagulitsa pa msika umodzi, koma mtengo ankangoumva pa wailesi, ndipo wofunsa za phindu ankadziika m'mavuto.

Tsono ndisakunamizeni kuti nkhani yonse ndi yokoma. Malo a Nahalal sadali tchire lopanda eni. Adagulidwa kwa banja lolemera la Sursock la ku Beirut, limene lidali ndi mapepala a malo ambiri m'chigwamo koma silinkakhalamo. Amene ankalima ndi kudyetsa ziweto kumeneko adali Aluya, monga a m'mudzi woyandikana wa Ma'alul, ndipo ndalama zogulira malo sizidapite kwa iwo. Ife amene agogo athu adalawa thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje tikudziwa tanthauzo la pepala losainidwa kutali pa nthaka imene iwe ukulima. Mu July 1948, pa nkhondo, Ma'alul adagwidwa ndi asilikali a Israel, anthu ake adathawira ku Nazareth ndi midzi yapafupi, ndipo sadaloledwe kubwerera. Padatsala matchalitchi awiri ndi mabwinja a mzikiti. Kufanana kwa magawo 80 aja kudali kwa amene adali mkati mwa gudumu.

Itatha 1948, boma la Israel lidatenga chitsanzo cha Nahalal nkumanga midzi yotere mazanamazana ya Ayuda obwera kuchokera ku Morocco, Yemen, Iraq ndi kwina. Ambiri mwa iwo sadasankhe ulimi, sadasankhenso anzawo okhala nawo. Ankangotsitsidwa m'lole pamalo, mlangizi ali pomwepo ndi malamulo olembalemba kale. Midzi ina idalimba patapita zaka, ina anthu adaithawa. Inu amene mudakhalako ku Zambia mwina mukukumbukira Kafubu ndi Kafulafuta ku Copperbelt, kumene alangizi a ku Israel adayesa njira yomweyi mpaka ubale wa maiko awiriwo udatha mu 1973. Pulani ya nyumba ndi minda imanyamulika m'chikwama. Anthu odziwana, amene asankha okha kumangirirana, sanyamulika choncho.

Ngakhale midzi yodziyambira yokha idakumana ndi zokhoma. Kuthandizana kuja kudafika mpaka ku banki: alimi ankasainirana ngongole, mudzi nkusainira midzi inzake. Pamene mitengo ya zinthu inkakwera mothamanga, mpaka kupitirira 400 peresenti mu 1984, kukongola kunkaoneka ngati nzeru, chifukwa ngongole inkasungunuka yokha. Boma litagwira ndalama mu 1985, chiwongoladzanja chidakhala cholemera, mabungwe ogulira zinthu pamodzi adagwa, ndipo mlimi wosamala adapezeka ali ndi ngongole ya mnzake wosasamala. Ambiri adazindikira mochedwa kuti adasiya kufunsa komiti zimene ikusaina. Zidatengera lamulo la Nyumba ya Malamulo la mu 1992 kuti ngongolezo zikonzedwe, ndipo kuchokera pamenepo kusainirana kudatha m'midzi yambiri.

Lero ku Israel kuli ma moshav oposa 400. Ambiri okhalamo amagwira ntchito m'tauni, ndipo m'minda yambiri olima ndi antchito olembedwa ochokera ku Thailand, chinthu chimene a Joffe sakadachilola. Gudumu la Kauffmann likadalipo, ndipo pa kaphiri koyang'ana mudziwo pali manda a amene adakumba ngalande zija, pamodzi ndi a Dayan, amene adamwalira mu 1981.

Ndiimire pomwepa, a wapampando, kuti ena afunse mafunso.