Khasu timagwira tonse, nanga mpando bwanji?

Ine ndine mlimi wa konkuno ku Angónia, ndimalima chimanga, nyemba ndi kachewere. Sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu, ndiye mundikhululukire mawu anga akapanda kusalala. Nkhani yanga ndi ya mipando ya utsogoleri, imene ife amayi timangoionera patali pa malo athu a ntchito.

Malo anga a ntchito ndi munda ndi asosiyasawo yathu ya alimi. M'menemo amayi ndife ochuluka. Tsiku lopalira munda wa gulu, taonani amene amafika ndi makasu. Koma pa chisankho, upulezidenti ndi usekeletale zimapita kwa abambo. Ife amatipatsa usungichuma, ati mayi sadya ndalama. Ndiye kusunga tisunge, koma kunena kuti ndalamazo zigule chiyani ayi?

Zaka zitatu zapitazo anzanga ananditchula kuti ndipikisane pa upulezidenti. Ndinakana ndekha. Palibe anandiopseza, koma panali zinthu zinayi zonditsekera njira.

Choyamba ndi nthawi. Komiti imakumana kumsika dzuwa litapendeka, nthawi imene ine ndili pamoto ndi mthiko. Nkhani zina zimakathera pamowa, ife n'kungomva m'mawa kuti tagwirizana.

Chachiwiri ndi Chipwitikizi ndi mapepala. Kalata za kuboma ndi za kubanki zimabwera m'Chipwitikizi, ndipo kuti usainire ndalama za gulu pamafunika BI. Ambirife anatichotsa kusukulu tili aang'ono kuti alongo athu apitirize. Lero akutinena kuti sitidziwa kuwerenga, ngati tinasankha tokha.

Chachitatu ndi miseche. Mtsogoleri amaitanidwa ku maphunziro ku Ulónguè kapena ku Tete, n'kukagona masiku atatu. Akapita bambo, amati wapita kuntchito. Akapita mayi, amati wapita kukafuna amuna. Bambo a kwathu sanandiletse, koma ndinkaopa zimene anzawo aziwauza.

Chachinayi ndi mimba. Mng'ono wanga wagwira zaka zambiri pa kampani ina yosankha fodya. Tsamba amalidziwa ndi chala chabe, ndipo anyamata atsopano amawaphunzitsa ndi iye. Mpata wa ukapitawo utapezeka, anapatsa mnyamata amene iye yemweyo anamuphunzitsa. Iye anamuuza kuti mawa adzatenga mimba ntchito n'kuima. Chonsecho lamulo la ntchito la 2023 linaonjezera tchuthi cha uchembere kuchoka pa masiku 60 kufika pa 90. Kubereka si mlandu.

Ena amakonda kunena kuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo. Ine ndimawafunsa kuti, nanga Mayi Luísa Diogo, mwana wa ku Mágoè m'chigawo chathu chino cha Tete, sanakhale nduna yaikulu ya dziko lino kuyambira 2004 mpaka 2010? Mayi Verónica Macamo anatsogolera Nyumba ya Malamulo kuyambira 2010 mpaka 2020. Mu 2025 Mayi Benvinda Levi anapatsidwanso unduna waukulu. Ngolo ya dziko lonse anakoka, iyi ya matumba a fetereza ndiye itikanike?

Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 36, amati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo. Lamulo la nthaka la 1997 limalola mkazi kukhala ndi chilolezo cha munda m'dzina lake. Koma malamulowa sadzachoka okha ku Maputo kudzakhala pansi pa mtengo pamene timachitira misonkhano. Tiwabweretse ndife. Ndipo zimene ndikupempha sizilira ndalama.

Misonkhano ya komiti izichitika masana, pamalo amene aliyense akuwadziwa. Kalata iliyonse iziwerengedwa mokweza ndi kumasuliridwa m'Chinyanja, ana athu a kusekondale alipo angatithandize. Ku maphunziro kuzipita anthu awiri, mayi ndi bambo, kapena amayi awiri, kuti pakamwa pa anthu patsekeke. Amayi anzanga amene mulibe BI, tipangane tsiku tipitire limodzi kuboma, ndipo sukulu ya akuluakulu tisaichite manyazi. Komanso tisiye kugwetsana tokha. Mnzathu akaimirira, ndife oyamba kunong'ona kuti akudzimva.

Abambo, sitikulanda mipando yanu. Mutu umodzi susenza denga. Mayi amene amadziwa kugawa nkhokwe kuti ifike mwezi wa njala, angalephere kugawa mbewu za gulu?

Mwezi wamawa kuli chisankho ku asosiyasawo yathu, ndipo ulendo uno dzina langa ndapereka. Mantha ndili nawo, sindinama. Koma buku la ndalama ndasunga zaka zisanu, aliyense abwere aone ngati pasowa metikali imodzi. Musandisankhe chifukwa ndine mayi, koma musandikanenso chifukwa ndine mayi. Muone ntchito.

Nkhaniyi mukaikambe m'magulu mwanu, mayankho mutumize ku wailesi kuti tidzamvere limodzi.