Mayi Wokwera pa Udindo Akonzeretu Womutsatira

Mawu olankhulidwa kwa amayi apantchito ku Bolero, m'boma la Rumphi

 Ndikuthokoza chifukwa cha ulemu umene mwandipatsa kuti ndiyankhule pano pa Bolero, pakhomo pa Themba la Mathemba Chikulamayembe. Nkhani imene ndadzera ndi imodzi yokha, ndipo ndi iyi: mayi aliyense amene wakwera pa udindo ali ndi ngongole kwa mtsikana amene wangoyamba ntchito pansi pake, ndipo ngongole imeneyi palibe lamulo limene lingambwezere.

Malamulo alipo, ndipo ndi abwino ndithu. Lamulo la Gender Equality Act la chaka cha 2013 likuti polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 ndiponso asapitirire 60 mwa anthu 100 alionse. Lamulo lomwelo likuletsa bwana kapena wantchito mnzake kuvutitsa munthu pomufuna chigololo. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 likuti malipiro akhale ofanana pa ntchito yofanana, ndiponso likupatsa mayi woyembekezera tchuthi cha milungu yosachepera 8 akulandira malipiro ake onse. Koma lamulo loyamba lija lili ndi khomo lotulukira: ngati palibe mayi amene ali ndi maphunziro kapena luso loyenera pakati pa ofunsira ntchito, olemba ntchito samangidwa ndi chiwerengero chija. Tsono ngati amayi sanakonzekere, kapena sanalembe n'komwe kalata yofunsira, mpando umapita kwina ndipo palibe amene waphwanya lamulo.

Tisanyengedwe ndi mipando ya pamwamba. M'chaka cha 2012 Mayi Joyce Banda anakhala Mtsogoleri wa dziko lino. M'chaka cha 2013 Mayi Anastasia Msosa anakhala mayi woyamba kukhala Mkulu wa oweruza milandu onse. Komabe pa chisankho cha 2014 amayi a m'Nyumba ya Malamulo anatsika kuchoka pa 43 amene anasankhidwa mu 2009 kufika pa 32 okha mwa aphungu 193. Pamwamba panali amayi, koma pansi mbewu inali kuchepa.

Inu a kuno mumadziwa fodya kuposa ine. Palibe mlimi amene amafesa fodya m'munda mwachindunji. Amayamba ndi nazale, nathirira m'mawa ndi madzulo, ndipo nthawi yowokera ikayandikira amachepetsa madzi ndi mthunzi kuti mbande zikhwime, zisakafote zikakumana ndi dzuwa la kumunda. Pa ntchito n'chimodzimodzi, ndipo kukhwimitsa kuja ndi kumene ambiri amakulephera. Mphunzitsi wamkulu wachimayi amene amakonda mtsikana wa pasukulu pake, namuteteza ku ntchito iliyonse yolemetsa, wamusiya pamthunzi. Mpatseni kuti akonze ndondomeko ya maphunziro ya teremu yonse. Mpatseni buku la ndalama za sukulu kuti aliwerengere pamaso pa komiti ya makolo. Mukapita ku msonkhano ku boma ku Rumphi, msiyireni makiyi a ofesi, ndipo mukabwerako mumfunse zimene wagamula ndi chifukwa chake. Akalakwitsa mumdzudzule pa awiri, akachita bwino mumtchule dzina pagulu. Namwino wamkulu achite chimodzimodzi ndi ndandanda ya ogwira ntchito usiku ndiponso kaundula wa mankhwala.

Pali china chimene chimaoneka chaching'ono. Chikalata cholengeza mwayi wokwezedwa pa ntchito kapena wopita ku maphunziro apamwamba chimafika poyamba pa tebulo la mkulu. Abambo amauzana nkhani zotere pa bawo ndi ku mpira, pamene mayi akaweruka amathamangira ku mtondo ndi ku moto. Choncho mayi amene waona chikalatacho asangochikhoma pakhoma, koma aitane wamng'ono uja, amuuze kuti alembe, amuwerengere kalatayo, ndipo amuyese mafunso asanakakhale pamaso pa komiti yofunsa. Ambiri mwa atsikana athu salephera mafunso. Salemba kalata poganiza kuti nthawi yawo sinakwane.

Mchitidwe umenewu si wachilendo m'chigawo chino cha kumpoto. Mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo inaikidwa pa ndalama ya K200 mu 2012, anabadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba m'chaka cha 1928. M'chaka cha 1952, ali ku Zomba, anayamba kusonkhanitsa amayi anzawo kuti nawonso ayankhulepo pa zoyendetsa dziko, ndipo m'menemo munatuluka bungwe la amayi la Nyasaland African Congress. Anamangidwa mu 1959 atangobereka kumene, nalowa m'ndende ndi khanda. Anakhala mayi woyamba kulowa m'Nyumba ya Malamulo, koma mkangano wa nduna wa 1964 unawathamangitsira ku Zambia, ndipo anabwerera kwawo mu 1994. Taonani kutalika kwa nthawi: kuchokera pamene iwo anachoka m'Nyumba ija mpaka pamene Mayi Catherine Gotani Hara, nawonso a ku Mzimba, anasankhidwa kukhala Sipikala woyamba wachimayi mu 2019, panadutsa zaka 55. Mzere wa ophunzitsana ukaduka, kuulumikizanso kumadya mibadwo iwiri.

Tsopano kwa inu abambo anzanga, pakuti sindingachoke osakuuzani. Kuno mkazi amakhala kumudzi kwa mwamuna wake, ndipo mwambo umenewu sindinabwere kudzauthetsa. Koma kukwezedwa pa ntchito kawirikawiri kumabwera ndi kusamutsidwa, ndipo amayi ena amakana udindo osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa kunyumba kwanenedwa kuti malowolo sanaperekedwe kuti mkazi azikakhala kutali. Malipiro amene akanidwawo ndi fizi ya ana anu omwe. Kuyambira mu 2021 lamulo likupatsanso bambo wapantchito tchuthi cha milungu iwiri mwana akabadwa. Tchuthi chimenecho ndi chotungira madzi ndi kuchapa matewera, si chokhalira pa sitolo.

Mafumu athu, gawo lanu ndi nyumba. Sukulu ya kumudzi imene ilibe nyumba ya mphunzitsi yokhala ndi chitseko cholimba siyingasunge mphunzitsi wamkulu wachimayi, ndipo atsikana a pasukulu imeneyo adzamaliza Sitandade 8 osaonapo mayi akulamula. Pamene mukugawa ntchito youmba njerwa chaka chino, nyumba imeneyo ikhale yoyamba.

Mayi Wapampando, ndikupempha kuti tisanabalalike mayi aliyense amene ali ndi udindo alembetse kwa mlembi dzina la mtsikana mmodzi wa pantchito pake amene adzamtenga ngati wake, ndiponso ntchito imodzi imene adzamsiyira mwezi uno usanathe. Pa msonkhano wotsatira mlembi adzawerenge mayinawo, ndipo atsikanawo ndi amene adzaimirire kufotokoza.