Tsitsani Sola Musananyamuke



Lero ndabwera ndi nkhani ya sola. Ambiri mukuidziwa kale. Ndi galasi lakuda lija lotchera dzuwa, limene limadzaza batire kuti tiyatse nyale, timvere wailesi ndi kutchaja foni. Masiku ano ena akuimanga pamwamba pa galimoto. Amalonda oyenda m'misika amatero. Ifenso oyendera sukulu za kwacha timatero, popeza timagona m'midzi yopanda magetsi.

Sola ya pa galimoto ena amaigoneka n'kuimangiratu. Ena amaiika pa mahinjesi ngati chitseko, kuti galimoto ikaima aziidzutsa mbali imodzi n'kuichirikiza ndi kachitsulo. Nkhani yanga ili pa yachiwiriyi.

Kodi amaidzutsiranji? Sola imagwira bwino ntchito ikapenyana ndi dzuwa maso ndi maso. Mawa masana taonani mthunzi wa nyumba yanu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mthunzi umagwera kummwera, chifukwa dzuwa limadutsira kumpoto. Ku Lilongwe, pakati pa Juni, dzuwa la masana limapendekera kumpoto ndi madigiri 37. Nthawi imeneyo sola yogona imataya mphamvu ina, ndipo kuidzutsa kuti ipenye kumpoto kumathandiza. Koma kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale dzuwa limadutsa pafupi ndi pa liwombo. Ine m'miyezi imeneyi sindivutika n'kudzutsa. Ndimangoipukuta fumbi basi.

Tsono mdani wa sola yotere ndi mphepo ya paulendo. Munatulutsapo dzanja pa zenera la basi ikuthamanga? Mukaligoneka, mphepo imangodutsa. Mukalipendeketsa pang'ono, mphepo imalikankhira m'mwamba. Sola ndi chimodzimodzi, koma iyo ndi yaikulu kuposa dzanja. Ndipo mvetsani ichi: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo imawirikiza kanayi. Galimoto ikachoka pa makilomita 40 pa ola kufika pa 80, mphepo yokankha sola yachuluka kanayi.

Ine zinandionekera. Tsiku lina tinachoka m'mudzi mofulumira mvula itayamba kuopseza. Sola tinaitsitsa ndithu, koma sitinaikhome. Tinati ndi yolemera, siingapite kulikonse. M'msewu wa fumbi inkangogogoda, ife osasamala. Titangokwera pa tala, oyendetsa n'kuponda moto, tinamva phokoso ngati denga likusasuka. Sola inadzuka, mahinjesi n'kuzuka, n'kukagwera kumbuyo pamsewu. Pambuyo pathu panali mayi wina pa njinga, mwana ali kumsana. Inamuphonya pang'ono pokha. Ndalama zimene tinataya sindizikumbukanso, koma nkhope ya mayi uja ndimaiona mpaka lero. Sola ya mawati 100 imalemera ngati makilogalamu 7, ndipo m'mbali mwake ndi chitsulo chakuthwa.

Choncho mukapita kwa owotcherera zitsulo, muwauze kuti mahinjesi akhale mbali ya kutsogolo kwa galimoto, sola izidzuka chakumbuyo. Ikatero, mphepo ya paulendo imaikanikizira pansi. Mahinjesi akakhala kumbuyo, mphepo imalowa kunsi n'kuitsegula ngati buku. Pofika pamalo, muimike galimoto yopenya kumpoto, ndipo mukadzutsa sola nayonso idzapenya komweko.

Mahinjesi okha sakwanira. Mbali yodzukayo ikhale ndi zokhomera ziwiri, ngodya iyi ndi iyo. Bawuti yolowa m'bowo n'kumangidwa ndi nati ndiyo yabwino. Kachitsulo kochirikizira kaja si loko ayi. Ntchito yake ndi ya pamene galimoto yaima. Paulendo kagonekeni nakonso n'kukamanga, kangagogode galasi kunsi.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza: "Aphunzitsi, mphira bwanji? Timangira nayo matumba a makala pa njinga." Inde, mphira wa chubu ndi mnzathu, koma pano ayi. Amatamuka, ndiye mphepo imapeza polowera. Amaumanso ndi dzuwa n'kuduka tsiku limene simukuliyembekeza. Musakokenso chingwe cholimba kudutsa pakati pa galasi. Kunsi kwa galasilo kuli tizidutswa topyapyala timene timapanga magetsi. Timang'aluka mosaoneka ndi maso, inu n'kumangodabwa kuti batire sikudzaza.

Misewu yathu ya mabampu imamasula nati pang'onopang'ono. Gulani nati zokhala ndi pulasitiki m'kati, zimene sizibwerera zokha. Zikasowa, mangani nati ziwiri pa bawuti imodzi, ina pamwamba pa inzake. Onjezani katcheni kafupi kolumikiza felemu ya sola ndi kaliyala wa galimoto, kuti zina zonse zikalephera sola isagwere munthu. Kaliyalayonso mumugwedeze. N'kupanda nzeru kukhoma sola pa kaliyala amene iye mwini akuvina. Pakati pa sola ndi denga la galimoto pakhale mpata wolowa zala, poti sola ikatentha kwambiri mphamvu yake imachepa. Nthambo zamagetsi muzimange kuti zisakwapule denga kapena kukodwa m'nthambi za mango.

Chovuta chenicheni si zitsulo, ndi kuiwala. Munthu ali pa chiwongolero saona za pamwamba. Apa ndipo pamene kuwerenga kwanu kugwire ntchito. Tengani katoni, mulembepo ndi zilembo zazikulu mawu awa: TSITSANI SOLA. Mukadzutsa sola, ikani katoniyo pa chiwongolero, ndipo mabawuti awiri amene mwamasula aja muwaike pa mpando wa oyendetsa. Palibe amene angakhalire mabawuti osakumbuka kumene achokera. Ife timachita zimenezi kuyambira tsiku la mayi uja. Katoni yathu anatilembera agogo ena amene anali atangomaliza kumene maphunziro a kwacha. Chilembo cha S chimodzi chinapenya kumbuyo, koma sitinasinthe, chimawerengeka.

Mukanyamuka, yendani pang'ono, muime pambali pa msewu. Kwerani, gwirani ngodya zonse zinayi, mugwedeze ndi mphamvu. Mukamva kugogoda, tulutsani sipanala pomwepo.

Amene ali ndi choko abwere kutsogolo kuno, atilembere mawu awiri aja pa bolodi.