Bulu wanu ndi njoka zosamva mankhwala

Zikomo a mfumu potilola kukumana pano. Zikomonso amayi ndi abambo amene mwaimitsa ngolo zanu, ena kuchokera ku Senti, ena ku Mtandire, kubwera kuno ku Area 18. Nthawi ngati ino mukanakhala mukututa mchenga kapena njerwa, ndiye sindikuchedwetsani.

Ndiyambe ndi funso kwa akuluakulu. Ndani akukumbukira kolokwini? Eya, manja ndi ambiri. Anali mankhwala amphamvu a malungo, koma inafika nthawi munthu ankamwa, thupi n'kumatenthabe. M'chaka cha 1993 boma linasiya kolokwini n'kuyamba Fansida. Fansidayo nayo inafooka, ndipo mu 2007 tinayamba LA. Mphamvu ya mapiritsiwo sinasinthe, tinasintha ndi tizilombo. Zomwezi zikuchitika m'mimba mwa abulu ndi mahatchi, chifukwa njoka zawo ndi zofanana komanso mankhwala awo ndi amodzi. Alimi a mahatchi ku Ulaya ndi ku America akulira kale ndi vutoli.

Njoka siphunzira ngati mwana wa sukulu ayi. Pa njoka zikwizikwi zili m'mimba mwa bulu, pamakhala zingapo zobadwa zolimba. Mukamwetsa mankhwala ochepa, zofooka zimafa, zolimbazo zimatsala, n'kuikira mazira. Mazirawo amatuluka ndi ndowe, amaswa timphutsi, timphutsito timakwera pa udzu, bulu n'kudya. Mukabwereza mwezi ndi mwezi, mwakhala ngati mlimi wosankha mbewu: mwataya zofooka, mwasunga zolimba. Kolokwini, atasiyidwa zaka zambiri, anayambanso kugwira ntchito kuno kwathu. Njoka za abulu sizichita mwayi umenewo. Zikasiya kumva mankhwala, zasiya basi.

Ndipo mankhwalawo ndi ochepa. Mabanja ake ndi atatu okha: la fenbendazole ndi albendazole, la pyrantel, ndi la ivermectin ndi moxidectin. Ivermectin anayamba kugulitsidwa mu 1981, ndipo chiyambireni sikunabwerenso banja latsopano la njoka zoterezi. Mukamasintha botolo m'sitolo, musayang'ane chithunzi kapena dzina lalikulu lapamwamba. Werengani tizilembo tating'ono. Mabotolo awiri a mayina osiyana akhoza kukhala albendazole yemweyo.

Tsopano pamene ambirife timalakwitsa, pa mlingo. Tsiku lina ndinapeza bambo wina atagula mankhwala okwanira abulu awiri, n'kugawira anayi, atathiramo madzi kuti achuluke. Anati ndalama yavuta. Ndinamumvetsa, ndalama ndiyovutadi. Koma bola akanamwetsa awiri mokwanira, enawo n'kudikira, kusiyana ndi kulawitsa onse anayi. Kulawitsa ndiko kumalera njoka zolimba.

Mlingo umatsata kulemera kwa chiweto, osati maso anu. Pa ivermectin, bulu amafuna mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu iliyonse, choncho wolemera makilogalamu 150 amafuna mamiligalamu 30. Sikelo tilibe, ndikudziwa. Koma tepi ya telala ilipo. Timayeza kuzungulira chifuwa, kuseri kwa miyendo yakutsogolo, timayezanso msinkhu kuchoka pansi kufika pa phewa, kenako tiyang'ana pa tchati cha abulu. Ndati cha abulu. Tepi yoyezera ng'ombe kapena hatchi ikunamizani. Pomwetsa, onani kaye kuti m'kamwa mulibe udzu kapena gaga, lowetsani sirinji cham'mbali mwa kamwa mpaka pamwamba pa lilime, mukatero tukulani chibwano pang'ono mpaka ameze. Bulu ndi wochenjera, amasunga m'tsaya n'kulavula mukatembenuka. Zomwe zagwa pansi sizinaphe njoka.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Bulu si ng'ombe yaing'ono. Levamisole amene mumamwetsa mbuzi musampatse bulu. Ivermectin wa jakisoni wa ng'ombe musamubaye nokha, wa bulu ndi wapakamwa. Ndipo dibi wa nkhupakupa amene alembapo amitraz ndi poizoni kwa bulu ndi hatchi, amaimitsa matumbo. Amayi amene mumasunga mabotolowa m'nyumba, mukawakumbutse abambo.

Funso lina: kodi bulu aliyense woonda ali ndi njoka? Ayi. Wina mano atha kapena asongoka, sakutafuna bwino. Wina akukoka njerwa kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, chakudya chake n'chotola m'mbali mwa msewu. Ameneyo mungamwetse botolo lonse, sanenepa. Njira yodziwira ndi kupima ndowe pa makina oonera tizilombo, n'kuwerenga mazira. Akatswiri anapeza kuti pagulu la ziweto zazikulu, zochepa ndizo zimataya mazira ochuluka, pafupifupi chimodzi pa zisanu zilizonse. Tikamwetsa zimenezo, tachotsa mbali yaikulu ya vuto ndi ndalama yochepa. Zinazo zikatsala osamwa, zimasunga njoka zomwe zimamvabe mankhwala, ndipo zikakwatirana ndi zolimba zija, mtundu wolimbawo suchuluka msanga. Zikumveka ngati zosemphana, kusiya njoka dala, koma ndimo timatetezera mankhwala. Pakatha masiku 14 chimwetsereni timapimanso ndowe. Mazira akapezeka ambiri, tadziwa kuti banja limenelo lafooka pakhola panu. Ifetu a mu Lilongwe tili ndi mwayi, labotale yaikulu ya ziweto ya boma ili mumzinda momwemuno, a bungwe la LSPCA nawonso amaona abulu.

Ana a abulu ndi nkhani ina. Iwo musadikire kuti aonde. Amavutika ndi njoka zazikulu zoyera zimene zimatha kutseka matumbo, ndipo m'maiko ambiri njoka zimenezi zasiya kumva ivermectin. Mwana akakwana miyezi iwiri kapena itatu, ndiitaneni, tiyambe ndi fenbendazole.

Mankhwala otsika mtengo kuposa onse ndi fosholo. Chotsani ndowe m'khola ndi pamalo pomwe mumamangirira, kawiri pa sabata, makamaka dzinja pamene chinyezi chimathandiza timphutsi kukhala moyo. Ziunjikeni padera ziole bwino, kutentha kwa mulu kumapha timphutsi, ndipo manyowa ake alimi a masamba amagula. Musamangirire pa chikhomo chimodzi sabata yonse, udzu ukafika pogunda dothi bulu amadya pafupi ndi ndowe zake. Kumadambo a m'mbali mwa Lingadzi, komwe abulu a anthu ambiri amakumana, n'komwe njoka za khola lina zimasamukira ku khola lina. Mbuzi kapena ng'ombe zikadya pomwe panadya abulu zimathandiza, popeza njoka zambiri za bulu sizikula m'mimba mwa mbuzi. Bulu wogula kumene mumpatule kaye, timupime, asanasakanikirane ndi anzake.

A mfumu, pempho langa ndi ili. Lachinayi m'mawa ndidzakhala pompano ndi tepi ndi tchati. Aliyense abwere ndi bulu wake, komanso ndowe za m'mawa womwewo zodzaza dzanja, za bulu aliyense m'kajumbo kakekake. Mubweretsenso mabotolo onse amene muli nawo kunyumba, ngakhale otha, tidzawerengere limodzi tizilembo tija.