Ombwe wina sapha tizilombo: mawu olankhulidwa kwa alimi a m'makalabu ku Mzimba



Lero tikambirane za mankhwala amene zomera zimapanga zokha. Chomera sichingathawe mbozi ikabwera, choncho chimadziteteza ndi zowawa, zonunkha kapena zaululu zimene chimasunga m'masamba, m'makungwa ndi m'mizu. Nikotini wa mu fodya ndi mmodzi mwa mankhwala otere. Kuwawa kwa chinangwa china ndi chitetezo chomwecho, n'chifukwa chake timachiviika tisanadye.

Makolo athu ankazidziwa zimenezi. Ambiri a ife timagwiritsa ntchito ombwe, amene kuno timati mtetezga, komanso nimu, deliya ndi futsa poteteza tomato, nyemba ndi mbewu zosunga. Ombwe amabwezeretsanso chonde m'nthaka, ndipo apa n'pofunika pamene fetereza wakwera mtengo chonchi.

Koma tamvani izi. M'chaka cha 2012 akatswiri a ku Natural Resources Institute ndi ku Kew ku Britain, pamodzi ndi anzawo a kuno ku Malawi, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wosonyeza kuti ombwe alipo wa mitundu iwiri. Wina ali ndi mankhwala otchedwa rotenoids, amene amapha tizilombo. Winayo alibe. Atayeza mitengo ya m'malo 13 m'dziko muno, anapeza kuti pafupifupi mtengo umodzi pa inayi uliwonse ndi wa mtundu wopanda mphamvuwo. Mlimi amene anabzala mtundu umenewu amapopera mokhulupirika, koma tizilombo timangodya. Kenako amati mankhwala a makolo ndi bodza, pamene vuto linali mbewu imene analandira.

Tsono ife ngati bungwe tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, boma ndi mabungwe onse ogawa mbewu za mitengo agawe ombwe woyezedwa, wodziwika kuti ali ndi mphamvu. Chachiwiri, malo ochitira kafukufuku a Mbawa ndi Lunyangwa akhazikitse minda yochulukitsa mbewu yotereyi kuti makalabu azikatenga kumeneko. Chachitatu, alangizi aphunzitsidwe bwino muyeso ndi kasakanizidwe kake, monga momwe amadziwira za mankhwala a m'sitolo.

Nafenso tili ndi udindo. Masamba tiziyanika pamthunzi, tisinje, tiviike usiku wonse m'madzi othiramo sopo pang'ono, kenako tisefe. Tizipopera madzulo, chifukwa dzuwa limawononga mphamvu ya mankhwalawa. Tiziphimba mphuno ndi pakamwa posinja ndi popopera, ndipo masamba ndi tomato tizitsuka tisanadye kapena kugulitsa. Ombwe amapha nsomba, choncho tisatsukire ziwiya zopoperera mu mtsinje wa Rukuru kapena m'madambo mwathu. Nawonso mtengo wa bwazi, umene timati muuluka, mphamvu yake ili m'mizu. Tikamakumba mizu yonse mtengowo umafa, ndipo ana athu sadzaupeza.

Pomaliza, kalabu iliyonse iyese yokha. Patulani mizere iwiri ya nyemba, umodzi mupopere ombwe wanu, winawo ayi, ndipo mulembe zimene mwaona. Mukapeza kuti sakugwira ntchito, musagawire anzanu mbewu yake. Bweretsani lipoti lanu ku ofesi ya bungwe kuti tikapite nalo kwa akuluakulu a zaulimi tili ndi umboni m'manja.