Milandu ya Katemera ku Amereka: Woyenera Kulamula Ndani?

Pa 13 January 2022 oweruza 9 a Bwalo Lalikulu la milandu la ku United States of America anagamula milandu iwiri yonena za katemera wa nthenda ya Covid-19. Pa mlandu woyamba anaimitsa lamulo limene Boma la ku Washington linaikira anchito a m'makampani aakulu. Pa mlandu waciwiri, tsiku lomwelo, analola lamulo limene Boma lomwelo linaikira anchito a m'zipatala. Munthu womva nkhaniyi koyamba angayese kuti oweruzawo anadzitsutsa okha. Koma iwo sanali kuweruza ngati katemera ndi wabwino kapena woipa. Funso lao linali lakuti: kodi woyenera kulamula munthu kuti alandire katemera ndani?

Maboma awiri m'dziko limodzi

Dziko la United States liri ndi zigawo 50. Cigawo ciri conse ciri ndi Bwanamkubwa wace wosankhidwa ndi anthu, Nyumba ya Malamulo yace ndi mabwalo ace a milandu. Pamwamba pa zigawozi pali Boma la ku Washington, ndi Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse yochedwa Congress. Akuluakulu a kuno amene anaona masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, adziwa kukhala pansi pa maboma awiri, zina kulamulidwa ku Salisbury, zina ku Lusaka. Ku Amereka malire a maboma awiriwa analembedwa kalekale. M'caka ca 1791 anaonjeza mau m'malamulo aakulu a dzikolo akuti mphamvu zonse zimene sizinapatsidwe kwa Boma lapamwamba zitsala m'manja mwa zigawo kapena mwa anthu eni ace. Kusamala umoyo wa anthu ndi imodzi mwa nchito zimene zigawo zakhala zikugwira kuyambira kale.

Mlandu wina wakale unaonetsa mphamvu imeneyi poyera. M'caka ca 1902 nthomba inabuka mu mzinda wa Cambridge, m'cigawo ca Massachusetts, ndipo akulu a mzindawo analamula kuti anthu onse atemeredwe. Mbusa wina wa mpingo, Henning Jacobson, anakana, nalipitsidwa faindi ya madola 5. Iye anapita ndi mlandu wace kufikira ku Bwalo Lalikulu, koma m'caka ca 1905 oweruza 7 mwa 9 anamtsutsa. Anati ufulu wa munthu mmodzi uli ndi malire pamene moyo wa anzace uli pangozi. Tsono omvera azindikire kuti wolamula pa mlandu umenewu anali cigawo, si Boma la ku Washington ai.

Lamulo la Pulezidenti Biden

Pa 9 September 2021, pamene mtundu wa kacirombo wochedwa Delta unali kudzaza zipatala, Pulezidenti Joe Biden analengeza kuti Boma lace lidzafulumiza katemera podzera ku malo a nchito. Popeza Congress inali isanaike lamulo lotero, iye anagwiritsa nchito malamulo amene analipo kale.

Loyamba linali lamulo la 1970, la m'masiku a Pulezidenti Richard Nixon, limene linakhazikitsa bungwe la Boma lochedwa OSHA, loyang'anira kuti anchito asavulale kapena kudwala cifukwa ca nchito yao. Bungweli liri ndi mphamvu yoika lamulo lamsangamsanga pakaoneka ngozi yoopsa. Pa 5 November 2021 OSHA inasindikiza lamulo lakuti kampani iri yonse ya anchito 100 kapena oposa ionetsetse kuti wanchito ali yense walandira katemera. Wokana azipimidwa sabata iri yonse ndi kubvala kansalu kophimba pakamwa ndi pamphuno. Anchito ofika 84 miliyoni anakhudzidwa, ndipo kampani yosamvera ikanalipa madola ofika 13,653 pa colakwa cimodzi. Bungwelo linawerenga kuti m'miyezi 6 lamuloli lidzapulumutsa miyoyo yoposa 6,500.

Laciwiri linali la zipatala. Boma la ku Washington limalipirira odwala okalamba ndi osauka podzera m'makonzedwe awiri, Medicare ndi Medicaid. Tsono Boma linati cipatala ciri conse cofuna kulandirabe ndalamazo cionetsetse kuti anchito ace atemeredwa, kupatula okhululukidwa pa zifukwa za matenda kapena za cipembedzo. Anchito ameneŵa anali oposa 10 miliyoni.

Zigawo zipita kubwalo

Atambala awiri salira m'khola limodzi. Zigawo zambiri, makamaka zolamulidwa ndi cipani ca Republican, zinathamangira kumabwalo pamodzi ndi eni makampani ena. Zigawo 27 zinatsutsa lamulo la OSHA. Zinati Boma lapamwamba lalowa m'munda wa eni. Kuti Congress sinatume bungwelo kukhala sing'anga wa mtundu wonse. Ndi kuti anchito ambirimbiri adzasiya nchito, ndipo makampani adzataya cuma cambiri. Pa za zipatala, zigawo za Missouri ndi Louisiana zinatsogolera zinzace, kudandaula kuti tizipatala ta kumidzi, timene tinali kale ndi anamwino ocepa, tidzatsala topanda anthu.

Lamulo la OSHA linangogona usiku umodzi. Pa 6 November bwalo la apilo la ku New Orleans linaliimitsa. Popeza madandaulo anaperekedwa m'mabwalo ambiri, panacitika maere monga mwa lamulo la dzikolo, ndipo maerewo anagwera bwalo la apilo la ku Cincinnati. Kumeneko, pa 17 December, oweruza awiri mwa atatu analola lamulolo kuti liyambenso. Motero nkhani inakwera ku Bwalo Lalikulu, limene linamva mbali zonse pa 7 January 2022. Tsiku limenelo loya woimira cigawo ca Ohio, cimene cinali kutsogolera zigawo zotsutsa, anayankhula pa lamya, pakuti anali atapezeka ndi kacirombo komweko.

Cigamulo coyamba

Oweruza 6 anaimitsa lamulo la OSHA, atatu anakana. Ocurukawo anati lamulo la 1970 linapatsa bungwelo mphamvu pa ngozi za panchito, pamene Covid-19 imagwira munthu pali ponse: kunyumba, kusukulu, kumasewera. Anatinso katemera asiyana ndi zochinjiriza zina. Wa mu mgodi amabvula cisoti ndi nsapato zace akaweruka, koma katemera sabvulika madzulo. Anakumbutsanso kuti Covid-19 isanafike, OSHA inagwiritsa nchito mphamvu yace yamsangamsanga ka 9 kokha. Malamulo 6 mwa amenewo anatsutsidwa kubwalo, ndipo limodzi lokha ndilo linapulumuka lathunthu. Mfundo yao inali iyi: pa nkhani yaikulu yokhudza moyo wa anthu mamiliyoni, Congress iyenera kunena momveka kuti yapereka mphamvuyo. Wotumidwa sadzionjezera uthenga. Komabe anabvomera kuti bungwelo lingathe kuika malamulo pa malo amene nchito yeniyeniyo ikulitsa ngozi, monga pamene anchito amapanikizana kwambiri.

Oweruza atatu otsutsa, Stephen Breyer, Sonia Sotomayor ndi Elena Kagan, anayankha mwamphamvu. Anati moto ndi nthambo zoonongeka za magetsi zimapha anthu kunyumbanso, koma palibe anenapo kuti OSHA isachinjirize anchito ku zimenezo. Wanchito sasankha munthu woima naye pafupi tsiku lonse. Asowa pothawira, pakuti banja lace lidya za pa nchitoyo. Ndipo anafunsa kuti woyenera kugamula za mliri ndani: bungwe la akatswiri limene liyankha kwa Pulezidenti wosankhidwa ndi anthu, kapena oweruza amene sanasankhidwe ndi anthu, amenenso sanaphunzire za mankhwala?

Ocurukawo sanakane kuti miyoyo ingapulumuke. Anangoti kuyesa miyoyo pa mbali imodzi ndi nchito za anthu pa mbali inayo ndi udindo wa osankhidwa ndi anthu. Woweruza Neil Gorsuch analemba payekha, mogwirizana ndi anzace awiri, kuti udindowo ndi wa zigawo ndi Congress.

Cigamulo caciwiri

Pa mlandu wa zipatala oweruza 5 anaima ndi Boma, 4 anakana. Amene anatembenuza mlandu ndi awiri, John Roberts, mkulu wa oweruza, ndi Brett Kavanaugh, amene anali ndi opambana pa milandu yonse iwiri. Iwo anapeza kuti pano uthenga wa Congress unali womveka. Lamulo linalola kale nduna ya za umoyo kuika zofunika kwa zipatala zolandira ndalama za Boma, kuti odwala asungike bwino, ndipo kwa zaka zambiri zipatalazo zinali kulamulidwa kupewa matenda opatsirana. Munthu wopita kucipatala ndi wofooka kale. Kumteteza kuti asatenge nthenda kwa womsamala ndiyo nchito yeniyeni imene ndunayo inatumidwa. Cotero muyeso unali umodzi pa milandu yonse iwiri: wotumidwa afike pamene anamtuma, asapitirire.

Zotsatira zace

Cigamulo coyamba cinali congoimitsa lamulo pamene mlandu unali kupitirira, koma OSHA inaona kuti sidzapambana, ndipo inacotsa lamulolo pa 26 January 2022. Congress sinaike lina m'malo mwace. Mbali yace yochedwa Senate inali itakana kale lamulo la OSHA m'December 2021, pa mavoti 52 kwa 48. Nkhani inabwerera kwa zigawo ndi kwa eni makampani, ndipo ali yense anatsata njira yace. Cigawo ca Montana cinali citaletsa olemba anchito kusankha munthu cifukwa ca katemera, pamene mzinda wa New York unalamula katemera kwa anchito a m'makampani. Kampani ya Starbucks inasiya lamulo lace citangomveka cigamulo. Motero anthu awiri ogwira nchito yofanana anali pansi pa malamulo osiyana, malinga ndi kumene anali kukhala. M'May 2022 ciwerengero ca omwalira ndi Covid-19 m'dzikolo cinapitirira 1 miliyoni. M'caka ca 2023 Boma linathetsa lamulo la anchito a m'zipatala, ndi linanso la makampani ogwira nchito za Boma, limene mabwalo anali ataliimitsa kale.

Malamulo a katemera anatha, koma mfundo ya oweruza inatsala. M'June 2022 Bwalo Lalikulu linaigwiritsanso nchito pocepetsa mphamvu ya bungwe la Boma loyang'anira utsi wa m'nyumba zopangira magetsi, pa mlandu umene cigawo ca West Virginia cinatsogolera.

Ena ayamika zigamulozi, kunena kuti mphamvu yosamangidwa pa nthawi ya mantha imabvuta kubweza mantha atatha. Ena adandaula kuti miyezi inapita m'mabwalo pamene anthu anali kuikidwa m'manda. Mbali zonse ziwiri ziri ndi mau olemera. Cimene milanduyi yaonetsa ndi cakuti lamulo la 1970 silinakonzedwere mliri wa 2021, ndipo oikidwa kupanga malamulo anasiyira oweruza mtolo umene unali wao. Nyumba amafolera mvula isanagwe. Mliri wina ukadzafika Congress isananene momveka amene ayenera kulamula, zigawo ndi Boma la ku Washington zidzakumananso pa bwalo lomwelo.